Dzanja Limodzi Si Thumba Lonse

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za phunziro limodzi limene ana athu akomana nalo akafika ku Yunivesite, ndi za makina amene aliphunzirira masiku ano. Ife a kuno ku Songani tikhala pa mseu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde. Kumadzulo kuli mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo kum'mawa kuli chigwa chotsikira ku nyanja ya Chilwa. Sukulu zazikuru zatizinga. Ku Chirunga kuli Yunivesite ya Malawi, pamalo pamene koleji ya Chancellor inasamukira m'chaka cha 1973 kuchokera ku Blantyre. Ku Domasi kuli koleji ya aphunzitsi. Chotero midzi yathu yayamba kutumiza ana kumeneko, ndipo anawo akabwera pa tchuthi tiwaona maso ali pa lamya ya m'manja, chala chiri kukankha timadontho. Makolo ambiri aona zimenezi ndi mtima wowawa, nati, Tinagulitsa mpunga ndi mbuzi kuti mwanayu aphunzire, ndipo taonani alikusewera. Mau amenewa ayenera kuyankhidwa bwino, pakuti mpungawo unalimidwa ndi thukuta. Ana ena alikuseweradi, sitikana iai. Koma ena alikuphunzira nzeru yofunika, ndipo nzeruyo ikhudza munda wanu, nyanja yanu ndi chipatala chanu.

Phunziroli Azungu alitcha statistics. Ife tingalitche nzeru ya ziwerengero. Lisiyana ndi masamu amene tiphunzitsa ana ang'ono. Masamu a ana afunsa kuti, Mbuzi 7 kuonjezapo mbuzi 5 zikhala zingati? Yankho ndi limodzi, ndipo mwana akhoza kapena alakwa. Koma nzeru ya ziwerengero ifunsa funso lina lobvuta. Iti, Palibe munthu angawerenge matemba onse a m'Chilwa, kapena njere zonse za m'thumba la mpunga, kapena kufunsa anthu onse a dziko lino tsiku limodzi. Nanga tidzanena bwanji zoona za chinthu chonse titaona gawo lache lokha? Ndipo ifunsanso kuti, Ponena chomwecho, tingaphonye ndi mlingo wotani? Wophunzira zaulimi, wa zachipatala, wa zachuma, wa zauphunzitsi, onsewa ayenera kupyola pa khomo limeneli, ndipo ambiri aliopa.

Komatu muzu wa nzeruyi uli pa msika wathu womwe uno. Taonani mai wogula mpunga pa Songani. Sakhuthula thumba lonse pansi kuti aone ngati muli miyala kapena mpunga wosweka. Atapa dzanja limodzi, naliyang'ana, naweruza thumba lonse ndi dzanja limenelo. Ndipo mai wochenjera satapa pamwamba pokha, popeza adziwa kuti wokoma uikidwa pamwamba. Alowetsa mkono pakati, natapanso kachiwiri ndi kachitatu. Chimodzimodzi wophika ndiwo: atakasa mphika, nalawa pang'ono pa chikhatho, nadziwa mchere wa mphika wonse, ndipo mphika ukhale wa banja kapena wa pa ukwati, kulawa kwache ndi kumodzimodzi, malinga watakasa bwino. Amai athu adziwa tsono zinthu zitatu zimene ziri mutu wa phunziro lonseli: kuti gawo likhoza kunena za chonse, kuti dzanja limodzi likhoza kunama mwangozi, ndi kuti dzanja lotapa pamalo osankhidwa linama nthawi zonse.

Inu a mpingo mudzakondwa kumva kuti nzeru imeneyi inakulira m'mabuku a mipingo. M'chaka cha 1662 munthu wamalonda wa mu London, dzina lache John Graunt, anasonkhanitsa mapepala amene alembi a mipingo ankalemba sabata ndi sabata, onena za obatizidwa ndi oikidwa m'manda. Ndipo powerenga anayesa kuti mwa ana 100 obadwa, ngati 36 ankafa asanafike zaka 6. Pambuyo pache sing'anga wa Mfumukazi Anne, John Arbuthnot, anayang'ana mabuku a ubatizo a mzinda womwewo a zaka 82, kuyambira 1629 kufikira 1710, napeza kuti chaka chiri chonse ana amuna anaposa ana akazi. Ndipo anadzifunsa, Kodi chimenechi chingachitike mwangozi? Anati, Kukadakhala ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba, ndiye kuti ndalamayo yagwa nkhope imodzimodzi maulendo 82 otsatana. Ndipo mwai wa chimenecho ndi umodzi mwa chiwerengero chimene pochilemba chidzaza malo 25. Iye anaonapo dzanja la Mlengi. Ife tionaponso chiyambi cha funso limene wophunzira ali yense afunsidwa kufikira lero: Kodi chimene ndaonachi nchenicheni, kapena changochitika?

Tsono bvuto la mphunzitsi liri apa. Kuti munthu amvetse kuti dzanja limodzi likhoza kunama, ayenera kuona manja ambirimbiri otapa m'thumba lomwelo. Ife amene tinaphunzira uphunzitsi ndi choko ndi bolodi tiri nayo njira yathu. Tithira m'thumba nyemba zoyera ndi zofiira, zofiira 3 pa nyemba 10 ziri zonse, ndi kuzisakaniza. Mwana ali yense atseka maso, natapa nyemba 10, nawerenga zofiira, nazibwezera. Wina apeza 3, wina 1, wina 5, ndipo ayamba kutsutsana kuti wolondola ndani. Mphunzitsi alemba kamzere pa bolodi pa chiwerengero chiri chonse. Ana 40 akatha kutapa, timizere tayamba kuunjikana pa 2, pa 3 ndi pa 4. Koma mulu wache usanaoneke bwino, belu lalira. Chifukwa cha kuchepa kwa nthawi kumeneku, mibadwo yambiri ya ophunzira inapatsidwa malamulo a masamu kuti iloweze pamtima, ndi mabuku odzala mizere ya ziwerengero kuti ifufuzemo yankho. Ambiri anakhoza mayeso, koma chimene malamulowo analikunena sanachione ndi maso.

Apa ndipo pathandiza makina. Pa intaneti pali masamba amene sangowerengedwa chabe monga buku, koma ayankha munthu akawakhudza. Wophunzira auza tsambalo kuti m'thumba muli zofiira 3 pa 10, nakhudza pamalo polembedwa kuti tapa. Ndipo kadontho kamodzi kagwa pa chiwerengero chimene chapezeka. Akhudzanso, kagwa kena. Akatopa, auza makinawo kuti atape maulendo 1,000. Ndipo m'kuphethira kwa diso timadontho taunjikana ngati chulu, chachitali pakati, chotsetsereka uku ndi uku. Pamenepo aona ndi maso ache kuti zofiira 3 zenizeni zituruka kamodzi kokha pa maulendo anai kapena chapafupi, ndi kuti nthawi zina dzanja lituruka lopanda chofiira ndi chimodzi chomwe, chinkana thumba silinasinthe. Timadontho timene makolo aona ana akukankha, kawirikawiri ndi timeneti.

Ndipo wophunzira akhoza kusintha ukuru wa dzanja. Akati makina atape nyemba 100 ulendo uli wonse, chulu chija chichepa m'mimba: pa maulendo 20, ngati 19 apeza zofiira pakati pa 21 ndi 39. Akati atape 1,000 m'nkhokwe yaikuru, chichepanso: pafupifupi maulendo onse agwa pakati pa 270 ndi 330. Akayesayesa chomwecho, atulukira yekha lamulo limene kale ankangoloweza: kuti ukafuna kuchepetsa kuphonya kwako ndi theka, uyenera kutapa kanai kuposa poyamba, si kawiri iai. Atulukiranso chodabwitsa chija cha mphika: kuti thumba likhale la mudzi kapena la dziko lonse, dzanja la ukuru womwewo linena zoona mofanana. Mwana amene waona zimenezi ndi maso saziiwala msanga, pakuti wazipeza ndi chala chache.

Masamba otere anakonzedwa ndi aphunzitsi anzathu a maiko ena, ndipo ambiri a iwo salipiritsa. Allan Rossman ndi Beth Chance, aphunzitsi a ku California, anaika pa intaneti tizipangizo tambiri totapira ndi toponyera ndalama. Lina lotchedwa StatKey linakonzedwa ndi banja la a Lock ku America, atate, amai ndi ana ao atatu, onse odziwa ziwerengero. Palinso pulogalamu yotchedwa R, imene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anayamba ku Yunivesite ya Auckland ku New Zealand, naionetsa kwa anthu m'chaka cha 1993. Ndipo m'chaka cha 2012 panabwera chida chotchedwa Shiny, chimene chilola mphunzitsi wodziwa R kudzipangira tsamba lachelache, ndi kuikamo ziwerengero za kwao. Ndiponso kuno ku Africa, a bungwe la African Maths Initiative ku Kenya anathandiza kukonza R-Instat, imene iyenda pamwamba pa R, ndipo ithandiza makamaka pa ziwerengero za mvula ndi nyengo. Chotero mphunzitsi wa ku Chirunga kapena ku Domasi sasowa khasu. Chofunika ndi kusankha munda woyenera kulimamo.

Kodi phindu lache nchiani kwa ife a kumudzi? Tiyeni tiyese ndi fanizo. Abwera munthu pa msika ndi mankhwala m'botolo, nati, Ndinamwetsa odwala 10, ndipo 7 anachira. Anthu ambiri atulutsa ndalama pomwepo. Koma tiyerekeze kuti nthendayo ndi yotere kuti theka la odwala achira okha popanda mankhwala. Wophunzira wathu aponyetsa makina ndalama 10 maulendo 1,000, naona kuti kuchira kwa 7 kapena oposa kuchitika mwangozi kamodzi pa maulendo asanu ndi limodzi. Pamenepo adziwa kuti umboni wa wamalondayo ngwochepa, pakuti madzi a m'chitsime akadachita chomwecho kawirikawiri. Koma akadachira 70 mwa 100, nkhani ikadasintha, popeza chimenecho mwangozi chichitika kamodzi pa maulendo ngati 25,000. Onani tsono: 7 mwa 10 ndi 70 mwa 100 zimveka zofanana m'khutu, koma kulemera kwache kusiyana monga nthenga ndi mwala. Mbeu zatsopano, feteleza, katemera, zonsezi ziyesedwa ndi funso lomweli zisanafike kwa inu. Ndipo dziko lopanda ana odziwa kufunsa funsoli ligula chiri chonse chimene mlendo wabwera nacho.

Fanizo lina ndi ili. Tiyerekeze mabanja asanu akolola matumba a chimanga motere: 2, 3, 3, 4 ndi 38. Wowerengera aphatikiza onse, apeza 50, nagawa ndi 5, nalemba kuti banja liri lonse lakolola matumba 10. Masamu ache ngolondola, koma mabanja anai agona ndi njala. Pa tsamba lija mabanjawo aoneka ngati timadontho tisanu pa mzere. Wophunzira agwira kadontho ka mwini matumba 38, nakakokera kutali, naona chiwerengero chogawanacho chiri kukatsata monga mbuzi itsata chingwe, pamene chiwerengero cha banja loima pakati chiri chikhalire pa 3. Mwana wotere akadzakhala mlangizi wa zaulimi kapena wa ku boma, sadzakhutira ndi chiwerengero chimodzi. Adzafunsa kuti, Nanga banja la pakati liri bwanji? Nanga la kumapeto?

Koma ife tinena kuti zida zimenezi zipindula koposa zikadyetsedwa ziwerengero za kwathu. Mwana wa ku Songani asaphunzire ndi mitengo ya nyumba za ku America pamene nyanja yache iri ndi nkhani yosatha. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe ithiramo, ndipo dzuwa ndi mphepo zichotsamo. Inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikuru inasanduka dothi long'aluka, mabwato ali gwa pamtunda. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, anaiyesa nyanjayi zaka zambiri kuyambira m'ma 1960, ndipo buku lao linatuluka mu 1979. Mvula ya pa Zomba nayo yalembedwa kuyambira masiku a atsamunda. Wophunzira akaika mvula ndi msinkhu wa nyanja pa chithunzi chimodzi, nayendetsa chala chaka ndi chaka, aona chimene asodzi okalamba a pa Kachulu adziwa: kuti nyanja siiphwa ndi chaka chimodzi choipa, koma ndi zaka zoipa zotsatana. Ndipo wina akati, Kuchokera 1968 kufika 1995 ndi zaka 27, kuchokera 1995 kufika 2018 ndi zaka 23, chotero nyanja iphwa pa zaka 25 ziri zonse. Wophunzira wabwino amuyankha kuti madontho atatu ndi dzanja laling'ono, namkumbutsa kuti mu 2012 madzi anachepanso kwambiri. Msodzi wa matemba, makumba ndi milamba amene alingalira zokongola ndalama za bwato latsopano ayenera kumva yankho lotere, losamlonjeza chimene palibe adziwa.

Nchito yonga imeneyi yafika kale kwa alimi. Ku Balaka ndi m'maboma ena, alangizi anaphunzitsidwa njira yotchedwa PICSA, yochokera ku Yunivesite ya Reading ku England, imene alimi ayang'ana pamodzi chithunzi cha mvula ya dera lao ya zaka zambiri, nawerenga okha kuti pa zaka 10 ndi zingati zimene mvula inakwanira mbeu yakuti, nasankha chobzala. Alimi ena a m'magulu amenewa sadziwa kulemba, koma kuwerenga madontho okwera pamwamba pa mzere akhoza. Nanga ana athu a ku Yunivesite alekerenji?

Ziwerengero zikhozanso kutonthoza mtima. Ife a kumudzi timva kulira kwa maliro, koma mwana amene sanafe salira ndi munthu. Chotero khutu litiuza kuti zinthu ziri kuipiraipira. Koma kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa m'Malawi, 234 ankafa asanafike zaka 5. Ndipo wa 2015 ndi 2016 anapeza 63. Hans Rosling, sing'anga wa ku Sweden amene anagwirapo nchito ku Mozambique, anayambitsa pamodzi ndi mwana wache ndi mpongozi wache tsamba lotchedwa Gapminder, pamene dziko liri lonse lioneka ngati kampira koyenda zaka zikamapita. Wophunzira akasankha Malawi aona kampira kathu kali kutsika pa imfa za ana. Ana 63 akali ambiri, ndipo ali yense ndi mwana wa munthu. Koma anamwino, azamba ndi amai amene ananyamula ana kunka nao ku sikelo ayenera kudziwa kuti mapazi ao sanapite pachabe.

Tsono tinene za malire ache, pakuti walira mvula walira matope. Choyamba ndi chachikuru ndi ichi: makina sakonza dzanja lotapa molakwa. M'chaka cha 1936 magazini ya ku America yotchedwa Literary Digest inafuna kudziwiratu wopambana pa chisankho. Inatumiza makalata 10 miliyoni, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon apambana. Koma Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Chinalakwika nchiani? Maina ambiri anatengedwa m'mabuku a eni lamya ndi eni galimoto, ndiwo anthu opeza bwino, ndipo oyankha anali odzisankha okha. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewo, ananena zoona. Magaziniyo inatapa dzanja lalikuru, koma pamwamba pa thumba. Chomwechonso wofufuza amene afunsa anthu a lamya okha, kapena a m'mbali mwa mseu wa tala okha, sanamve mau a nkhalamba ya pa chilumba cha Chisi, kapena a msodzi wogona m'chimbowera pakati pa nyanja. Akaika mayankho ache m'makina, chulu chidzaturuka chokongola ndithu, koma chidzaima pamalo olakwa. Ndipo kukongola kwache ndiko kudzanyenga anthu.

Chachiwiri: dzanja liyambe, makina atsate. Mwana amene sanatapepo nyemba ndi dzanja lache aona timadontho tiri kugwa, osadziwa kuti kadontho kali konse ndi munthu mmodzi wotapa kamodzi. Kwa iye ndi matsenga a m'galasi chabe. Aphunzitsi anzeru ayamba ndi thumba lenileni kapena ndalama yeniyeni, ophunzira naponya, nawerenga, nalemba pa bolodi. Akatopa ndi kufuna kuona zambiri, pamenepo mpamene atsegula makina. Ndipo asanakhudze, mphunzitsi awafunse kuti, Muyesa kuti chituruka nchiani? Pakuti munthu aphunzira pamene chimene anayembekeza chasiyana ndi chimene waona. Mwambo umenewu si wachilendo kuno. Dera lino la Domasi, pamene Alexander Hetherwick anayamba mishoni mu 1884, ndi pamene sukulu ya Jeanes inatsegulidwa mu 1929, lidziwa kuyambira kale kuti mphunzitsi aphunzira za munda ali m'munda, ndi za chitsime ali pa chitsime. Ndipo inu makolo, ngati mufuna kudziwa ngati mwana alikuphunzira kapena alikusewera, mpatseni nyemba m'lichero, nimuti, Tatiwonetsa ndi izi chimene makina ako alikuchita. Wophunziradi adzakhoza.

Chachitatu ndi mtengo wache. Tsamba likhale laulere, koma magetsi ndi bandulo si zaulere. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira ndi magetsi zinali imodzi mwa khumi kapena kupyolapo pang'ono. Sukulu zonse zitatsekedwa m'mwezi wa March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, kunaoneka poyera kuti mwana wa m'tauni ndi mwana wa kumudzi saima pa mzere umodzi pa nkhani ya intaneti. Chotero tipempha aphunzitsi a sukulu zazikuru kuti nchito yotere ichitike m'chipinda cha sukulu, ophunzira awiri kapena atatu pa kompyuta imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo pokangana mpamene amvetsa. Asankhenso zida zimene zikaikidwa m'kompyuta ziyenda popanda intaneti, monga R. Mwana asalephere phunziro chifukwa atate ache analibe ya bandulo.

Chotsiriza chikhudza ife tonse, ngakhale amene sitidzakhudza kompyuta m'moyo uno. Ziwerengero zimene ana aphunzira nazo sizigwa kumwamba. Zichokera pa makomo athu. Likuru la ofesi ya boma yoona za ziwerengero, National Statistical Office, liri mu Zomba momwemu. Kalembera woyamba dziko litalandira ufulu, wa 1966, anapeza anthu opyola 4 miliyoni pang'ono. Wa 2018 anapeza 17,563,749, ndipo owerenga anayenda ndi timakina ta m'manja m'malo mwa mapepala. Pakati pa akalembera pakhala kafukufuku wina wotapa dzanja lokha: wa za umoyo wa mabanja wa 2019 ndi 2020 anafika m'nyumba zopyola 11,000 chabe, nanena za dziko lonse. Ndicho chifukwa chache wofunsa alowa kwa mnansi wanu nalumpha nyumba yanu. Sanakudeni iai, nyumbazo zisankhidwa mwa maere, monga mwana wotseka maso potapa nyemba, ndipo akalola kuti mfumu kapena mwini nyumba amsankhire, thumba latapidwa pamwamba.

Tidziwa kuti makolo athu anali ndi chifukwa choopera kuwerengedwa, pakuti m'masiku a atsamunda wolemba nyumba ankatsatidwa ndi wokhometsa msonkho. Lero kuli chiyeso china chosiyana: ena ayesa kuti wofunsa ali yense alikulemba maina a olandira thandizo, nabisa mbuzi kuseri, nachepetsa matumba, nachulukitsa ana. Abale, nyumba yanu ikasankhidwa, simulankhula za inu nokha. Muimira nyumba mazana zimene sizinafunsidwe. Bodza lanu lichulukitsidwa ndi mazana amenewo, nililowa m'makina, niliphunzitsidwa kwa mwana wanu yemwe monga choonadi. Ndipo mankhwala, mabuku ndi zitsime zigawidwa potsata chiwerengero chopotokacho. Palibe pulogalamu, ngakhale yochenjera motani, imene ikhoza kuona mbuzi yobisika kuseri kwa nyumba.

Chotero nchito yagawika patatu. Aphunzitsi apatse ana nyemba poyamba ndi makina pambuyo, ndi kuwadyetsa ziwerengero za Chilwa ndi za minda yathu. Ophunzira akaona chiwerengero chiri chonse afunse mafunso awiri a mai wa pa msika: Watapa zingati? Watapa pati? Ndipo ife otsala tinene zoona kwa wofunsa, ndi kusunga bwino mabuku athu. Mlembi wa mpingo alembe tsiku la kubadwa ndi la ubatizo mosaphonya. Mphunzitsi asunge kaundula wa ana moona. Wa komiti ya pa doko alembe nsomba monga zaturukira. Mlimi wodziwa kulemba alembe tsiku limene mvula yobzalira yagwa, chaka ndi chaka, kumapeto kwa kope la mwana. Alembi aja a mu London sanadziwe kuti mizere yao idzabala nzeru yatsopano. Anangolemba mokhulupirika sabata ndi sabata. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Mvula ya chaka chino ikapita osalembedwa, mdzukulu wanu sadzaipeza m'makina ali onse.